Tisanaswe mphanje ina, tipulumutse zimene takolola

Anthu pa dziko lapansi anakwana 8 biliyoni mu Novembala 2022, ndipo bungwe la United Nations likuti pofika 2050 adzakhala pafupifupi 9.7 biliyoni. Funso la chakudya cha khamu lonseli likabuka, ambiri amangoti tiwonjezere minda ndi feteleza. Koma lipoti la 2019 la bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO linapeza kuti pafupifupi 14 peresenti ya chakudya cha dziko lonse imawonongeka chikachoka m'munda, chisanafike n'komwe kwa wogulitsa womaliza. Chimenechi n'chakudya chimene anthu anakhetsera kale thukuta ndiponso kuthirira kale feteleza. Popeza bungwe lomwelo likuti kufutukula minda ndi malo odyetsera ziweto ndiko kukuchititsa pafupifupi 90 peresenti ya kutha kwa nkhalango, nzeru ndi kuyamba tasamala zimene zakololedwa kale.

Kwathu kuno mdani amadikirira m'nkhokwe. Nankafumbwe wamkulu, yemwe anachokera ku Central America n'kuyamba kuoneka ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, amaboola ndi mitengo yomwe. Mayi amati amasule thumba mu Okutobala, n'kupeza maso a chimanga ali zibowo zokhazokha, pansi pali fumbi. Mtedza wosungidwa usanaumitsitse umachita chuku, ndipo poizoni wake amawononga chiwindi. Chonsecho njira ilipo. Matumba a PICS, amene anakonzedwa ku Purdue University ku America, ali ndi mapulasitiki awiri m'kati mwa saka. Mbewu ikauma bwino, thumba n'kumangidwa zolimba pakamwa, tizilombo timafa tokha posowa mpweya, osathira mankhwala a Actellic ngakhale pang'ono.

Ena anena kuti mlimi sagulitsa chimanga mu Meyi poopa nankafumbwe ayi, koma chifukwa cha fizi, ngongole ndi matenda, komanso kuti thumba lotereli n'lodula kuposa saka wamba. Akunena zoona, ngakhale amaiwala kuti likasamalidwa limagwira ntchito zaka zingapo. Komabe zimene mfundo yawoyo ikusonyeza n'zoti thumba liyende limodzi ndi kangongole ka nthawi yokolola, kaya ka ku banki nkhonde, kaya kotengera risiti ya mbewu zimene mlimi wasungitsa ku nyumba yosungiramo katundu. Popanda zimenezi amagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira, n'kudzagula chimanga chomwecho modula mu Febuluwale, ndi ndalama ya ganyu imene wapeza atasiya munda wake uli thengo. Njala ya chaka chamawa imayambira pomwepo.

Chiyambire 2005, boma la Malawi lathira mabiliyoni ankhaninkhani m'feteleza wotsika mtengo, ndipo sitikuti zimenezi zilekeke. Koma aphungu akamakambirana bajeti ya ulimi apatuleko gawo la matumba, malona oyanikapo mbewu ndi alangizi oyendera alimi mu Juni, pamene chimanga chikutonoledwa.