MUSAMPITIKITSE MKAZI CIFUKWA CA MWANA

Abale a m'makomboni, mverani! Banja likakhala zaka ziwiri popanda mwana, ife amuna timafulumira kunena kuti mkazi ndi cumba, ndi kumkweza basi abwerere kwao. Ife tikuti mlandu umenewu timauweruza mokhota.

Mwana acokera kwa anthu awiri. M'mimba mwa mkazi muli timatumba tiwiri totulutsa dzira mwezi ndi mwezi. Timatumba tomweti tithira m'mwazi timadzi tochedwa oestrogen ndi progesterone, timene tikonza cibaliro. Mwamuna ali ndi macende awiri, opanga mbeu ndi testosterone, imene imeretsa ndebvu ndi kukuza mau. Akatswiri a ku Amsterdam anaipeza mu 1935. Zonsezi zilamulidwa ndi kanthu konga nsawawa kali pansi pa ubongo.

Tsono dziwani ici: ndebvu sindizo umboni wa kubala. Mwamuna angakhale wamphamvu pa mphasa, mbeu zace zili zocepa kapena zofoka. Macende akhala kunja kwa thupi cifukwa mbeu zifuna pozizira. Kutentha kwa ng'anjo, malungo, mowa wambiri, matsagwidi ndi cinzonono cosacizidwa zikhoza kuziononga. Pa maukwati osabala, pafupifupi theka cobvuta cipezekanso kwa mwamuna.

Nanga tiweruza bwanji mkazi yekha, mwamuna asanapimidwe? Pitani nonse awiri ku cipatala, ndipo musacite manyazi. Ufulu umene tinalandira mu 1964 sunali wa amuna okha ai.

Kwaca! Ngwee!