TIMVERE YANI, WOCHEMERERA KAPENA KATSWIRI?

Anzanga, mwina mukudabwa kuti ndasankha kulemba za baseball, masewera amene sitisewera pano pa seminale. Pirirani nane pang'ono. M'masewera a ku America amenewa muli mkangano umene ine umandikomera kuposa masewerawo, ndipo ndi uwu: pofuna kudziwa wosewera amene amatchinga bwino, timvere yani, ochemerera kapena akatswiri?

Poyamba ndifotokoze. Timu imodzi imamenya mpira ndi ndodo, inayo imabalalika m'bwalo, anthu 9, aliyense atavala golovesi lalikulu kudzanja limodzi. Ntchito yawo ndiyo kuwakha mpirawo, kapena kuutola ndi kuuponya msanga kwa mnzawo, womenya uja asanafike pamalo amene akuthamangira. Mlembi wa masewera amalemba cholakwa pa dzina la wotchinga akagwetsa mpira kapena akaponya kumbali. Nanga akachedwa kunyamuka, mpira n'kumudutsa patali? Pamenepo palibe chimene chimalembedwa pa dzina lake. Ndiye kuti wochedwa atha kukhala ndi buku loyera kuposa wakhama amene anathamanga, nakhudza mpirawo, koma n'kumupulumuka. Vuto lonse lagona pamenepa.

Kuyambira 1957 otchinga bwino amalandira mphotho yotchedwa Gold Glove, ndipo kwa zaka zambiri osankha ake anali mamanejala ndi makochi a matimu okhaokha. Ndani angatsutse anthu otere, oti anakulira m'bwalo? Koma tamvani izi. Mu 1999 anapereka mphothoyi kwa Rafael Palmeiro wa timu ya Texas Rangers monga wotchinga wopambana pamalo otchedwa first base. Timu imasewera masewera 162 pachaka, koma mkuluyu anaima pamalopo m'masewera 28 okha. M'masewera ena ambiriwo ankangomenya mpira n'kukakhala pansi. Iye anali atapata mphothoyi mu 1997 ndi 1998, tsono ine ndikuona kuti akuluakuluwo anavotera dzina, osati ntchito. Chikhala kuti anafunsa wochemerera wamba wa ku Texas, akanawauza kuti golovesi la munthu ameneyu latha chaka lili m'chikwama.

Musafulumire kuombera m'manja ochemerera. Nkhani ya Derek Jeter wa New York Yankees imagwetsa onse awiri m'dzenje limodzi. Jeter ankasewera pamalo ovuta kwambiri otchedwa shortstop, ndipo ankachita zinthu zoti munthu sungaiwale. Mu 2001, posewera ndi Oakland, anathamanga kuchoka pamalo pake, natola mpira umene unasokera, naupatsira mwaluso kotero kuti Jeremy Giambi anatulutsidwa atatsala pang'ono kugoletsa. Mu 2004, posewera ndi Boston, anawakha mpira ali pa liwiro mpaka kukagwera m'mipando ya oonerera, natuluka nkhope ili magazi. Ankakondanso kudumpha m'mwamba n'kuponya mpira asanatere pansi. Anthu a ku New York ankamukonda zedi, ndipo makochi nawo anamupatsa Gold Glove kasanu, mu 2004, 2005, 2006, 2009 ndi 2010.

Kenaka kunabwera akatswiri a mtundu wina, owerenga manambala. Iwo anayamba kuonera mafilimu a masewera ndi kulemba kumene mpira uliwonse wapita, kuti adziwe mipira imene shortstop wamba akanaipeza. M'buku la John Dewan lotchedwa The Fielding Bible, la mu 2006, Bill James anayerekeza Jeter ndi Adam Everett wa Houston Astros, munthu wosatchuka, ndipo zinaoneka kuti Everett ankafika pa mipira yambiri imene Jeter inkamudutsa. Kudumpha kokongola kuja nthawi zina kunali chizindikiro chakuti wafika mochedwa. Amene wanyamuka msanga amaupeza mpirawo ali chilili, amaponya mofatsa, ndipo palibe womuimbira nthungululu. Si zimene timachitanso ife pa mpira wa miyendo? Timatama goloboyi wodzigwetsa, n'kuiwala uja amene anaima pamalo oyenera.

Tsono maganizo anga ndi awa. Udindo sudziwitsa munthu zimene sanaone. Kochi wa timu ina amamuona wosewera kangapo chabe pachaka, pamene wochemerera amamuona pafupifupi tsiku ndi tsiku. Pa umboni wa maso, ine ndingakhulupirire wochemerera. Chimene chimamusokoneza ndi chikondi. Ukamufunsa kuti, kodi Jeter ndi wabwino? wayankha kale usanamalize funso. Koma funso likakhala laling'ono, amanena zoona. Izi ndizo anachita Tom Tango kuyambira 2003. Iye ankapempha ochemerera kuti asayang'ane manambala, koma apereke malikisi kwa osewera a timu yawo pa zinthu zing'onozing'ono monga kunyamuka msanga, liwiro, mphamvu ya mkono ndi kuponya molunjika. Anthu ambiri akayankha motere, kukondera kwa uyu ndi kuipidwa kwa uyo kumachepetsana.

Ngakhale zili choncho, diso la munthu silisunga mpira umene wadutsa mwakachetechete, ndipo apa owerenga manambala sitingawalambalale. Eni mphotho ya Gold Glove anavomereza zimenezi mu 2013, pamene anapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mavoti ku manambala a bungwe la SABR. Ochemerera nawo anapatsidwa mwayi kuyambira 2011 wovotera mphotho ina yotchedwa Platinum Glove. Kusinthaku ndikukondwera nako, kungoti kunachedwa. Adam Everett anasiya kusewera mu 2011 osalandirapo Gold Glove ndi imodzi yomwe.