Phala la mwana wa ku Kandeu lichokera kuti?

Mawu a lero: Marko 6:35-44

Dzuwa litapendeka, ophunzira a Yesu anaona khamu la anthu anjala ndipo anapeza nzeru yachidule: anthuwo auzidwe kuti azipita, akadzigulire chakudya m'midzi. Ambuye anakana. Anabwezera udindowo m'manja mwa ophunzirawo, nawatuma kuti akawerenge mikate imene anali nayo.

Abale ndi alongo, nzeru ya ophunzira ija sinafe ayi. Tikamva kuti mwana wanyentchera ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, timafulumira kufunsa kuti kodi mabungwe ali kuti.

Sitikunyoza mabungwe, ntchito yawo njotamandika. Pa njala ya 2002, Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland anacheza ku Balaka ndi mnyamata wina amene mayi ake anali kudwala mwakayakaya. Mnyamatayo ankangolakalaka chakudya chokwanira ndi mwayi wopita kusukulu. Apo mpamene panabadwira bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ndi ana 200 ku Blantyre ndipo pofika 2020 linkadyetsa ana oposa miliyoni imodzi m'Malawi muno. Koma tisaiwale kuti ufa suphika wokha. Amene amalawirira m'bandakucha kukatunga madzi ndi kutakasa phalalo ndi amayi ongodzipereka a m'midzi momwemo.

Chiponde chimene ana onyentchera amalandira kuchipatala chapulumutsanso miyoyo yambiri. Nanga muli chiyani m'kapaketi kameneka? Mtedza wosinja, mkaka waufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Mtedza womwe uja timalima kuseri kwa nyumba! Chiponde ndi mankhwala a mwana amene wadwala kale, ndipo wamkulu amene amachinyambita kapena kuchigulitsa pamsika akudya moyo wa mwana. Koma pamene mlangizi wa zaumoyo akukulunga kalamba pamkono pa mwana kusikelo n'kuona kafika pofiira, ife amumpingo timakhala titachedwa ndi miyezi ingapo.

Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Kupinimbira sikuchita phokoso. Mwana amasewera, amaseka, timangoti ndi wamfupi ngati agogo ake, pamene thupi ndi nzeru zikuperewera chifukwa cha phala la madzi ndi mchere tsiku ndi tsiku.

Tsono tiwerenge mikate yathu. Nthawi yokolola, mavenda amaika masikelo awo m'mbali mwa msewu, ndipo mtedza, soya ndi nyemba zimachoka m'midzi pamtengo wolira. Ikafika Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili gwa kukamwa, malungo ndi kutsegula m'mimba zafika, mwana ndiye woyamba kufooka. Pakatipa timakhala titachita mwambo wa masika kutchalitchi. Matumba amaunjikana kuguwa, kwaya imaimba, kenaka zonse zimagulitsidwa kuti tigule malata, simenti, mwinanso zokuzira mawu zina pamwamba pa zimene tili nazo kale. Kumanga nyumba ya Mulungu nkwabwino ndithu. Komabe nkovuta kumvetsa kuti mpingo ugulitse thumba lomaliza la soya pamene sukulu ya mkombaphala yoyandikana nayo yaleka kuphika, ana n'kuleka kubwera.

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Yakobo 1:27 akuika kusamalira ana amasiye pakati penipeni pa chipembedzo choona, osati m'mphepete mwake.

Pempho lathu kwa abusa, ansembe, akulu a mpingo, amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Dorika a ku Kandeu ndi madera ozungulira ndi ili: pa masika a chaka chino, musanaitane wogula, patulani matumba a chimanga, soya ndi mtedza a ana. Athiridwe mankhwala oteteza ku anankafumbwe, alembedwe m'buku, makiyi asungidwe ndi anthu awiri, ndipo atsegulidwe mu Januwale. Abambo nawonso atenge gawo la nkhuni ndi ndalama ya kuchigayo.