Jazi wa chigubu naye ndi jazi

Inu a m'tauni, ndi inu amene mudabwerako kunja, mwatitopetsa! Chimbale chatsopano chikangochokera ku London mumachitamanda musanachimve n'komwe, n'kumatchula Miles Davis ndi Pink Floyd ngati amalume anu. Koma ine nditalemba za anyamata a kwa Mwambo, oimba banjo ya chigubu ndi waya wa njinga padoko la Kachulu, mkonzi wina adati zimenezo si nyimbo. Zoona? Nanga gulu la Alan Namoko, yemwe adatisiya mu 1995, silinkatchedwa Chimvu Jazz? A Kachamba a ku Chileka mudawalemekeza atayamba wawajambula Gerhard Kubik wa ku Austria. Lamulo la Censorship la 1968 linkatseka oimba pakamwa. Inu mukudzitseka makutu nokha. Ufulu tidavotera mu 1993 ndi umenewu?