Kodi dayinamo ya njinga ingatchaje laputopu?

Funso la mwezi uno lachokera kwa mnyamata wina wogulitsa mabuku a mpingo amene amayenda pa njinga yakapalasa m'midzi ya kuno ku Thambani, nthawi zina sabata yathunthu osabwerera kwawo. Wachibale wake wa ku Joni anamutumizira laputopu, ndipo amafuna kumaonetsera anthu maphunziro a zaumoyo madzulo. Kumene amagona kulibe magetsi. Ndiye akufunsa kuti, popeza amapalasa tsiku lonse, bwanji osangolumikiza laputopuyo ku dayinamo ija imayatsa nyali?

Ndikuyankha pano chifukwa alembi ndi asungichuma a mipingo ena afunsapo zofanana, ndipo ndikuopa kuti wina awononga chipangizo chimene sangathe kugulanso.

Laputopu singatheke, achimwene. Dayinamo wamba, ija yooneka ngati kabotolo yotsamira pa tayala, inapangidwa kuti izitulutsa ma volt 6 ndi ma watt 3, ndipo pa zambiri manambalawa analembedwa pathupi pake. Tembenuzani tchaja ya laputopu muwerenge: mupeza ma watt 45 kapena 65. Ndiye kuti pangafunike madayinamo 15 kapena kuposa 20 pa njinga imodzi. Mwina munganene kuti muzidzaza batire pang'onopang'ono laputopu ili yozimitsa. Batire la laputopu limasunga mphamvu yokwana ngati ma watt 50 kwa ola limodzi. Gawani 50 ndi 3, mupeza maola pafupifupi 17, ndipo mukaonjezera mphamvu yotayika m'njira akwana 20. Dayinamo imapereka mphamvu yake yonse mukamathamanga makilomita ngati 15 pa ola, choncho ndi makilomita 300. Kuchoka pa boma la Mwanza kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100: mupite, mubwerere, mupitenso, kuti mudzaze batire limene lithe filimu ziwiri zisanathe bwino. Ndipo kuno kwathu, kumene zitunda zambiri timakwera titatsika n'kumakankha njinga, dayinamo imangonyezimira ngati chiphaniphani.

Foni ndi nkhani ina. Kafoni kamabatani kali ndi batire laling'ono kwambiri, moti maola awiri opalasa bwino akhoza kukadzaza. Foni yotsetsereka imafuna maola asanu kapena kuposa. Kampani ya Nokia inatulutsa tchaja yotere ku Kenya mu 2010, yokhala ndi dayinamo yake, yotchajira mafoni ang'onoang'ono. Koma musatenge mawaya a dayinamo n'kulowetsa mufoni mwachindunji. Magetsi a dayinamo amapita uku ndi uku, amene amisiri amawatcha AC, pamene foni imafuna oyenda mbali imodzi, DC, a ma volt 5 osasinthasintha. Komanso mukamatsika mtsetse, nyali ili yozima, ma volt amakwera kudutsa 6 kutalitali. Pakati pamafunika kachipangizo kowongola magetsi ndi kuwaletsa kupyola muyezo. Wokonza mawailesi wodziwa ntchito akhoza kukakonza. Ndipo n'kwabwino kuti magetsiwo azilowa kaye mu power bank yotchipa, foni muzitchaja mutafika, chifukwa foni sikondwa ndi magetsi obwera n'kumaduka nthawi iliyonse mwaima kupereka moni. Ife a kuno timaima kawirikawiri.

Ena anditchulira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, kuti iye anatha bwanji. N'zoona, makina ake amphepo a mu 2002 anali ndi dayinamo ya njinga, ndipo anali ndi zaka 14 zokha, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi. Koma taonani zimene anachita. Anakweza dayinamo pamwamba pa nsanja ya mitengo ya bulugamu kuti mphepo izipalasa m'malo mwa miyendo yake, usana ndi usiku, ndipo kenaka anaika batire la galimoto loti lizisunga magetsiwo. Anayamba ndi babu limodzi. Pambuyo pake anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni. Mphepo sitopa ndipo sidya nsima, pamene mwendo wa munthu umafuna zonse ziwiri.

Kwa mnyamata wathuyu, chimene chingathandize ndi sola. Yaing'ono ya ma watt 20 ikakhala padzuwa labwino maola anayi kapena asanu imatulutsa mphamvu yoposa ya dayinamo ya tsiku lonse maulendo angapo, ndipo ikhoza kudzaza power bank yaikulu yotha kutchaja laputopu. Pogula afunse ngati power bank-yo imatchajadi laputopu, chifukwa zambiri za pamsika ndi za mafoni okha. Asaiike padzuwa pamodzi ndi sola. Mabatire amenewa akatentha amafufuma, ena amayaka. Lofufuma musaligoneke m'nyumba muli ana. Za kumanga batire la galimoto pa kaliyala sindikuzivomereza. Muli asidi wowotcha khungu ndi maso, ndipo m'misewu yathu ya mabampu kutayika sikuchedwa. Likatha ntchito ana amaliphwanya kufuna mtovu uli m'katimo, ndipo mtovu umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono, popanda chizindikiro choonekera msanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuona njinga zambiri masiku ano zilibe nyali konse. Wina akamva kuti dayinamo itchaja foni, amadula waya wa nyali kuti magetsi onse apite kufoni. Ma watt atatu aja sakwanira zonse ziwiri, inde, koma usiku nyali ndiyo iyambe. Mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka pakati pa usiku, kapena mwana akakomoka ndi malungo, njinga ndiyo imathamangira kuchipatala, ndipo tochi ya pafoni yogwirira m'kamwa siona ngalande, mwala kapena njoka ili pamsewu. Ikani switch: masana foni, mdima ukagwa nyali. Mukasintha babu lakale n'kuika la LED lopangidwira dayinamo, muona kutali ngakhale mukupalasa pang'onopang'ono. Nyengo yamvula dayinamo yakabotolo imaterera pa tayala lamatope, ndiye pukutani m'mbali mwa tayala musananyamuke, ndipo muziona ngati sikudya tayalalo.

Popeza pa Sabata sitipita kukatchajitsa kwa a malonda, foni ya pakhomo ilowe pa mndandanda wa zokonzekera Lachisanu pamodzi ndi ndiwo ndi zovala, idzaze dzuwa lisanalowe. Matenda sayang'ana tsiku, ndipo nambala ya alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi ya wakabaza wodalirika muzilembenso papepala, mupachike kuseri kwa chitseko.

Mwezi wamawa tidzakambirana za utsi wa m'khitchini ndi chifuwa cha ana.