Zimene Kantchentche ka pa Mango Katiphunzitsa

Nyengo ya mango ikafika pa msika wa Mitundu kapena pa Nathenje, tonse timaona tintchentche tating'ono ta maso ofiira tikuzungulira zipatso zoola. Timangotiingitsa. Komatu kachilombo kameneka, kamene akatswiri amakatcha Drosophila, kathandiza kuyankha funso limene lasokoneza mabanja ambiri.

Kuchokera pa dzira mpaka kuuluka, kantchentcheka kamatenga masiku ngati 10 okha. N'chifukwa chake ofufuza amakakonda. M'chaka cha 1980, Christiane Nüsslein-Volhard ndi Eric Wieschaus, akugwira ntchito ku Heidelberg m'dziko la Germany, anafalitsa zimene anapeza zokhudza malangizo achibadwa amene amagawa thupi la mphutsi yake m'zigawo. Langizo lina likawonongeka, mphutsi inkatuluka yaifupi, yodzaza timinga ngati kanungu. Analitcha hedgehog, dzina la kanungu m'Chingerezi. Mu 1995 awiriwa analandira mphotho ya Nobel.

Pambuyo pake kunadziwika kuti langizoli limapanga uthenga. Maselo ena amautulutsa, ndipo anzawo oyandikana nawo akaulandira amadziwa pamene ali ndi chimene ayenera kukhala. Malangizo enanso amawongolera khalidwe: mu 1971 anapeza lina limene limauza kantchentcheka nthawi yoyendayenda ndi yopuma.

Chimene chikutikhudza n'chakuti uthenga wofanana ndi wa hedgehog umagwiranso ntchito mwa mwana ali m'mimba. Dzanja likamaumbika, ndiwo umathandiza kuika chiwerengero cha zala ndi malo ake. Ukafika pamalo osayenera, mwana atha kubadwa ndi chala chowonjezera. Kawirikawiri zimenezi zimayenda m'magazi, ndipo zitha kuchokera kuchimuna kapena kuchikazi.

Nanga ife timatani mwana wotere akabadwa? Nthawi zina timanong'onezana kuti mayi analakwira mwambo, kapena timaloza chala agogo a mbali ina. Mayi amene wangochira kumene amagona ndi misozi pa mlandu umene sanapalamule.

Tiyeni tileke. Mwanayo tipite naye kuchipatala akamuone, osamanga kachalako ndi ulusi kunyumba. Mayi woyembekezera asamwe mankhwala osauzidwa ndi achipatala, pakuti miyezi itatu yoyamba ndi imene ziwalo zimaumbika.

Ndipo mwana wathu akamayang'anitsitsa tintchentche pa bango loola, tisamukalipire. Sukulu ya ukachenjede ya Bunda ili pafupi pomwepa.