Koini yofiila si golide, ni nguwe cabe

Lacitatu lapitali, m'basi yocoka ku Chilenje kubwela ku tauni, kondakitala anandibwezela K1 yanga ngati ndam'patsa khala la moto. "Bosi, iyi siisebenza, onani mwamene ionekela." Koiniyo inalidi yacilendo: mbali imodzi yofiila ngati dothi, mbali ya kambalame yakuda bii ngati kunsi kwa poto. Ndinafuna kukangana naye, koma anthu anali kucedwa ku nchito, ndiye ndinangotulutsa ina.

Madzulo mwana wa mlongo wanga, amene akhala nafe, anaiona patebulo n'kulumpha. "Amalume, musaigulile cinthu iyi! Pa Facebook akamba ati makoini a so azungu agula mathauzandi." Tsiku limodzi lomwelo, koini imene inakanidwa m'basi inasanduka cuma ca banja.

Onse awili analakwa, ndipo mlandu unatha na maginito wa pacitseko ca filiji. Koini inamatilila pomwepo. Golide na siliva sizigwila ku maginito. K1 ya mtundu uwu, imene inayamba kuyenda mu January 2013 pamene anacotsa maziro atatu pa kwacha, mkati mwake ni citsulo, ndipo kunja anangoikuta na nikelo woonda. Cikuto cikapalika, madzi amafika pa citsulo ndipo dzimbili limayamba. Ganizilani kumene koini imapita mu Lusaka muno: m'manja mwa thukuta, m'mbale ya amai ogulitsa kapenta ya mcele pa Soweto, m'thumba la buluku imene yaviikidwa mu sopo, m'matope a pa Kulima Tower nthawi ya mvula. Ina imagwela pambaula. Ya 50 ngwee, ya njovu ija, cikuto cake cili na mkuwa, n'cifukwa cake imada kapena kubiliwila. Ise a dziko la kopa sitifunika kudabwa nazo izi.

Mtengo wake? K1. Siinakwele, siinatsike. Apa ndiye ndili na mau kwa makondakitala na a m'tuntemba: koini imene cizindikilo ca dziko na nambala yake zikali kuoneka ni ndalama, olo ide bwanji. Amene mumam'bweza kambili si munthu wa khadi la ku banki. Ni mwana wa sukulu, kapena agogo amene anamanga makoini awo pa citenje atawelenga bwino-bwino. Kuwakanila K1 n'kuwatsitsa panjila. Ngati yakunyansani, isungeni pamodzi na zinzake mukapeleke ku banki.

Koma cimene cinandidetsa nkhawa maningi ni mnyamata wanga uja. Anali atapeza kale nambala ya "wogula" pa WhatsApp, amene anati ayambe watumiza kandalama kolembetsela pa foni, ndiye galimoto idzabwela kudzatenga koini. Wogula wanji amene ayamba n'kukulipilitsa? Nchito zasowa, lendi siiyembekeza, ndipo akawalala adziwa kuti munthu wa njala amakhulupilila msanga.

Makoini akale amene anthu amasonkhanitsa aliko ndithu. Kuli peni ya cibowo pakati ya nthawi ya Federation, kuli mangwee a 1968 a nkhope ya a Kaunda. Koma anapangidwa ambilimbili, ndipo imene yayenda m'manja mpaka kufufutika mtengo wake ni wocepa. Osonkhanitsa amayang'ana caka, kusowa kwake, na mmene yasungikila. Ndipo mukapeza yakale m'sutikesi ya ambuya, conde musaikwece na sitiliwulu kapena kuiviika m'mandimu kuti iwale. Kuda kwa zaka kuja akufuna kukhalepo, ndipo mukaikwecha mwacotsa na kamtengo kocepa komwe inali nako.

Yanga ija ndinapita nayo pa msika wa Chilenje pa Cisanu. Amai a tomato anaitembenuza kawili, anaipukuta pa citenje, n'kuiponya m'kambale. "Ni ndalama iyi, atate. Muonjezeko ina, mulu ni wokwela manje."